Shato M'thumba Lobooka

"Ndinu mbava, abambo a Kabatani! Mbava yoba m'nyumba mwake momwe!"

Makaniko anaimitsa kapu ya tiyi isanafike pakamwa. Pa zaka zisanu za banja lawo mkazi wake anamutchulapo mayina angapo, koma ili kanali koyamba kulimva.

"Wati chiyani?"

"Mwamva bwinobwino, m'makutu mwanumo simunalowe girisi. Shato ya makina anga ili kuti?"

Telala anali chilili pambali pa makina ake osokera, pazenera la pabalaza. Kachitseko kapansi pa singano kanali kotsegula, m'kati mulibe kanthu. M'menemo ndi momwe munkakhala shato, kachitsulo kosongoka ngati chipolopolo kamene kamanyamula ulusi wapansi. Popanda kameneko singano imangobaya nsalu n'kutuluka, kubaya n'kutuluka, osagwira kanthu, ngati munthu wolankhula yekha.

"Funsa mwana, mwina waseweretsa."

"Musanamizire mwana, n'tchimo." Telala analoza pachitsulo chonyezimira pomwe panadindika chala chakuda. "Chala cha oyilo ichi n'cha Kabatani? Wayamba liti kumasula mainjini mwana wa zaka zitatu?"

Makaniko anayang'ana chidindocho, n'kuyang'ana chala chake. Anaika kapu patebulo, nasisita thumba la pantchafu la ovolosi yake. M'menemo munalira kachitsulo kakugundana ndi mabawuti.

"Chabwino, ndachotsa ndine. Kugalaja tikafuna kuti galimoto isachoke pamalo sitikangana ndi munthu. Timangozula kachitsulo kamodzi n'kuponya m'thumba, basi. Wofuna kuliza azipotokola makiyi mpaka atope."

"Ndiye ine ndasanduka galimoto?"

"Sindinatero."

"Mwatero. Mwandikhazika pamiyala ngati chigalimoto chakufa chili kuseri kwa galaja yanu chija, chomwe nkhuku zimaikiramo mazira."

"Tamvera, amake Kabatani. Dzulo masana ndabwera kudzatenga jeke. Ndapeza chiyani pabalaza panga? Chimwamuna chatambasula manja ngati chikufuna kuuluka, iwe wagwada kumapazi kwake, tepi ikukwera ndi mwendo!"

"Aphunzitsi aja amafuna thalauza. Ndiwayeze ndi chiyani, ndi pemphero? Chitseko chinali chotsegula. Akazi awo anali pampando mwakhalapowo, atanyamula Kabatani pamiyendo. Amenewo maso anu anawadumpha?"

"Ndinawaona. Koma kuntchito sindikupuma. Mnzanga uja timamutcha Wailesi akangondiona amayambapo: 'Achimwene, mlamu wathu amadziwa chiuno cha mwamuna aliyense mumsewu uno.' Anzanga onse kufa nako kuseka. Ine ndi munthu, ndili ndi manyazi."

"Ndiye pakamwa pa Wailesi mwapasiya, mwadzazula shato yanga? Wodwala mutu ndi wina, mankhwala mwamwetsa ine." Telala anapinda manja pachifuwa. "Ndipo n'chifukwa chake ndinakuuzani za kwa Mayi Choko. Andipatsa malo m'shopu mwawo mosokera zovala, tebulo lapazenera. Tsiku loyamba la mwezi wamawa ndikayambe, ndi makina anga. Pabalaza panu sipadzapondanso mwamuna wofuna thalauza."

"Kumeneko ndiye iwalako. Pamsewu paja? Pomwe amaima madalaivala?"

"Ndikakhala pakhomo mukuti ndikuitana amuna. Ndikati ndituluke mukuti ndikutsata amuna. Ndikakhale kuti tsono, padenga?"

"Ukusowa chiyani pakhomo pano? Unagonapo ndi njala? Sopo anathapo?"

"Nkhuku za m'khola nazo sizigona ndi njala. Koma tatsegulani chitseko muone ngati ingatsaleko ndi imodzi yomwe."

Makaniko anaimirira natenga chipewa chake pa msomali. "Mkazi wanga sakhala pamsewu. Ndatha."

"Bweretsani shato yanga."

"Ukadzakhazika mtima pansi."

Anatuluka, kachitsulo kaja kakulira m'thumba ngati belu la pakhosi pa mbuzi.

Makinawo anali akale, opalasa ndi mapazi, osiyidwa ndi malemu azakhali ake a Telala. Kusoka palibe anamuphunzitsa. Ali mtsikana ankatenga malaya akutha, kuwaphwasula msoko ndi msoko ndi lezala, kuyala zidutswa pansi kuti aone momwe zinadulidwira, n'kuzilumikizanso. Kolala woyamba anamuphwasula kasanu ndi kawiri asanagone bwino pakhosi. Tsopano anthu a mumsewumo anali ataiwala dzina lake lenileni, ankangoti Telala, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa la ubatizo.

Tsiku lomwelo anabereka Kabatani napita kwa Mayi Choko. M'shopumo makina anayi ankalira ngati mvula pamalata, nsalu za yunifolomu zili mulu mpaka m'chiuno. Mayiwo, choko chili kukhutu monga mwa masiku onse, anamvetsera nkhani yonse lumo lili m'manja, osasiya kudula.

"Shato yosongoka ija? Mwanawe, imeneyo anasiya kupanga ine ndisanamere mano achiwiri. Ungayende masitolo onse, ungotha nsapato."

"Nanga simungandibwerekeko makina?"

"Ukuwaona onse ali ndi eni ake. Tamvera, ine ntchito yako ndinaiona, msoko wako suthawa mzere. Tebulo ilo ndikusungira mpaka Lolemba lija, tsiku loyamba la mwezi wamawa. Ukabwera ndi makina olira, ndi lako. Ukabwera chimanjamanja ndikupatsa kampando kuseri uko, uzikhomerera mabatani ndi kupinda m'munsi, tebulo ndipatsa wina. Ana asukulu sangayende maliseche chifukwa cha nsanje ya mwamuna wako."

"Ndamva, amayi."

"Ndipo usalire pansalu zangapo, zimachita mawanga."

Telala anaseka misozi ili m'maso.

Pali nkhanza zina zosasiya chipsera. Munthu sanakumenye, sanakutukwane, zapakhomo wagula. Ukapita kukadandaula anthu amakufunsa kuti, "Nanga wakulakwira chiyani?" Ukati wandilanda kachitsulo kochepa ngati chala, amaseka, ena mpaka kukuuza kuti uli ndi mwayi, mwamunayo amakukonda. Sadziwa kuti m'kachitsuloko muli manja ako onse awiri.

Thalauza la aphunzitsi Telala analisoka ndi singano yamanja, masiku anayi, nsonga za zala zitatupa. Loweruka Makaniko anaponya ovolosi yake pampando mwachizolowezi. Loweruka lililonse mkazi wake ankabwereza msoko m'matumba onse, chifukwa masipanala ndi mabawuti amadya nsalu ngati chiswe.

"Thumba ili layamba kulekana pansi."

"Makina afa," anayankha Telala osatukula mutu.

"Soka ndi manja."

"Manja ali pantchito ya eni ake. Ikani m'mzere."

Makaniko anaitenga ovolosiyo momwemo. Shato anaigoneka pansi pa pilo, ndipo Lolemba m'mawa anaiponyanso m'thumba lomwe lija.

Sabata yachiwiri kunabwera apongozi, mayi ake a Makaniko, atawaitanitsa mwana wawo kuti adzamuike mkazi m'njira. Anali mayi wamfupi, wosathamanga polankhula, wokonda kukhala pakhomo la khitchini miyendo ali tambalale. Anadikira mwana wawo apite kuntchito.

"Mwananga, takhalani apa. Ndamva kuti m'nyumba muno mwalowa mphepo."

"Mphepo sinalowe, amayi. Chatuluka ndi chitsulo."

"Pakamwa panu mpakuthwa, ndinamuuza mnzanuyo tsiku loyamba. Koma banja n'kupirira. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Mwamuna akati ayi, umangoti chabwino bambo, mawa lake amafewa yekha. Sunga khosi, mkanda udzaoneka."

"Khosi ndasunga zaka zisanu, amayi. Mkanda womwe ndinali nawo ndi umene andivula."

"Ndiye mufuna anthu azinena kuti mwana wanga walephera kudyetsa mkazi?"

"Ine sindikusoka chifukwa cha njala. Amayi, munaonapo munthu atavala chinthu chotuluka m'manja mwanu, n'kutembenuka pagalasi uku ndi uku, akumwetulira yekha? Ine ndikaona zimenezo ndimadziwa kuti padziko pano sindinabwere kudzangotsuka makapu."

Apongozi anangoti, "Ana a masiku ano," n'kuitana Kabatani kuti amupese tsitsi. Anakhala pakhomopo masiku ena, tsiku lililonse mwambi watsopano, Telala tsiku lililonse yankho latsopano, mpaka zinayamba kuoneka ngati masewera omwe onse awiri akuwakonda.

Sabata yachitatu Makaniko anasintha. Lachiwiri anabwera madzulo osapereka moni, n'kuyamba kusuntha mipando. Anasuzumira pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, m'nsapato zomwe.

"Mukufuna chiyani, abambo ake?"

"Palibe. Kabawuti."

Lachitatu anamasula wailesi yakale yomwe inali pamwamba pa kabati, nachotsamo maginito, napita nayo kuntchito. Lachinayi anabwera zala ziwiri zitakulungidwa ndi kansanza, ndipo chakudya anangochitosa. Kulira kuja kwa m'thumba kunali kutasiya.

Lachisanu m'mawa anavala ovolosi ina, yakuda ija naisiya m'beseni. Telala anaitulutsa panja pa mpopi, apongozi ali pambali akutsukuluza zovala za mwana. Analowetsa dzanja m'thumba la pantchafu kuti achotse zotsalira, ndipo zala zake zitatu zinatulukira pansi.

"Hoo," anatero. "Ndiye kabawuti kaja n'kameneka."

"Chiyani?"

"Mwana wanu wataya shato yanga, amayi. Thumba labooka."

Telala anakhala pa chidebe, sopo ali m'manja. Kunali kutatsala masiku atatu. Kenako anayamba kufikisa ovolosiyo mwaukali, ngati akufikisa mwini wake, ndipo atafika kumunsi kwa bondo chinthu cholimba chinamubaya pachikhatho. Anaima. Chaka chatha, ataona kuti mwamuna wake amabwera maondo atasupuka chifukwa chogwada pa simenti, anasokerera m'kati mwa miyendo ya maovolosi ake onse nsalu yachiwiri, kuyambira pantchafu mpaka kumunsi kwa bondo, pakati n'kuikapo chidutswa cha bulangete. Thumba linkagwera m'kati mwa nsaluyo. Anang'amba msoko ndi mano, ndipo shato inagwera m'thovu la sopo.

Apongozi anaomba m'manja. "Mulungu ndi wabwino! Ndiye iye uja sanafufuze m'menemo?"

"Angafufuze bwanji? Chaka chathunthu akugwada pofewa, sadziwa n'komwe kuti ovolosi yake ili ndi nsalu ziwiri. Amaganiza kuti simenti ndi imene inamumvera chisoni."

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatsitsa mawu. "Tsono tamverani. Kaikeni m'makina mwakachetechete. Akachoka muzisoka, akamabwera muzichotsa. Lolemba akangotuluka ine ndikuthandizani kunyamula. Adzadziwa madzi atafika kale m'khosi."

"Amayi! Ndi inu nomwe a sunga khosi aja?"

Mayiwo anapotokola kadiresi ka mwana, madzi akutsika m'zigongono.

"Ine ndinaitanidwapo ntchito kuchipatala," anatero. "Yothandiza anamwino, kusambitsa odwala, kuyala mabedi. Mwamuna wanuyu ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Kalata inabwera, dzina langa lili pamwamba. M'mawa wa tsiku loyamba ndadzuka, ndasamba, ndavala, nsapato palibe. Ndinali ndi peyala imodzi yokha. Apongozi anu aamuna ananyamula m'chikwama popita kuntchito."

"Ndiye munatani?"

"Kuchipatala sulowa wopanda nsapato. Ndinakhala pakhomo n'diresi langa labwino mpaka dzuwa kupendeka. Anabweza patatha mwezi, atazipukuta bwinobwino, n'kundigulira ndi mpango womwe. Malo anali atapatsa wina."

"Simunawafunse?"

"Ndinapirira." Anayanika kadiresi pachingwe, nakakonza makwinya nthawi yaitali kuposa momwe kanafunikira. "Anamwalira osadziwa kuti anandilakwira. Mpaka lero ndikadutsa pachipatala paja, ndikamva fungo la mankhwala otsukira pansi, miyendo imafuna kukhotera konko yokha. Mwana uyu sanazione zimenezo, ndipo sindinamuuzepo. Koma taonani, wazitengera ngati mphuno."

Telala anapukuta shato ndi nsonga ya nsalu yake. Inanyezimira padzuwa.

"Ndiye n'chifukwa chake sindikaiika mwakachetechete," anatero. "Ndikaba chinthu changa chomwe, mawa adzachotsa lamba wa makina. Ndikapeza lamba, adzachotsa chopalasira. Ndidzakalamba ndikubisa zitsulo m'mabeseni, Kabatani akuonerera n'kumaphunzira kuti mkazi amakhala choncho. Ayi, amayi. Ndikawapatsa m'manja."

"Mwapenga? Akakaiponyanso m'thumba, tebulo lija lapita!"

"Likapita ndidziwa kuti ndinakwatiwa ndi ndani. Panopa sindikudziwa, ndipo kusadziwako kukundiwawa kuposa zalazi."

Loweruka masana Telala anavala diresi lake lobiriwira, lodzisokera yekha, nakoloweka tepi m'khosi monga achitira atelala pantchito. Akutseka chitseko anamva kumbuyo kukuti, "Tandidikirani." Apongozi anali atakhala pa sitepe akumanga zingwe za nsapato, Kabatani atawagwira phewa.

"Inunso mukupita?"

"Nsapato ndili nazo," anatero apongozi, osayang'ana m'mwamba.

Galaja inali kumapeto kwa msewu, bwalo lakuda ndi oyilo, magalimoto atatu ali kukamwa yasa. Amakaniko anayi anakhala pa matayala pamthunzi akupumula. Wachisanu sanali pamthunzi. Anali pakati pa bwalo, padzuwa, atagwada, akukoka maginito omangidwa kuchingwe m'fumbi, pang'onopang'ono, mzere ndi mzere ngati wofesa mbewu. Akafika kumapeto ankatukula maginitowo, kuthothola misomali ndi tizitsulo, kuyang'ana kamodzikamodzi, n'kuyambiranso.

"Achimwene, nsomba zadya?" anafuula wina wamimba yaikulu pa matayala paja. Ameneyo ndiye anali Wailesi. "Masiku anayi mukuwedza pamtunda!" Kenako anaona alendo. "Eee, tamuonani mlamu! Wabwera ndi tepi yomwe. Amuna inu, bisani ziuno!"

Anzake anaseka. Makaniko anadzuka msangamsanga, maginito akulendewera m'manja, nkhope itagwa.

Telala sanapite kwa mwamuna wake. Analunjika pa matayala.

"Alamu, chiuno chanu musabise, ndikuchidziwa kale. Chinali sate-eyiti pomwe akazi anu anabweretsa thalauza lanu laukwati kuti ndilikulitse. Ndinaika kansalu kumbuyo kuti mukwanemo pa ubatizo wa mwana wanu. Tsiku limene lija anthu ankakuyamikirani kuti mwatchena, simunanene kuti mlamu amadziwa ziuno. Pano ndikuona chafika fote-thu, ndipo chikukula n'kukhala pa matayala kukamba za mabanja a eni."

Kuseka kunatembenuka. Mmodzi anagwa pa tayala atagwira m'mimba. Wailesi anatsegula pakamwa, koma apongozi anamuloza ndi chala.

"Iwe, ndinakuona uli ndi mamina. Tseka wailesiyo."

"Amake Kabatani," anatero Makaniko motsitsa, "tiye tikakambe kunyumba. Bongololo sadzolera mafuta pagulu."

"Manyazi anu munawatola pano, pa matayala awa, n'kubwera nawo kunyumba kudzanditula ine. Ndiye ndawabweza komwe anachokera." Anayang'ana magalimoto aja. "Iyi yofiirayi ndi ya ndani?"

"Ya mayi wina, wa kufamasi."

"Mkazi wa mwini?"

"Inde."

"Ndiye inu mumagona chagada pansi pa galimoto ya mkazi wa mwini tsiku lonse, mumakhala pampando wake, mumadziwa ndi pomwe amasunga mafuta odzola. Ine ndinakubisiranipo sipanala? Ndinati ndi ntchito. Yanu ndi ntchito, yanga ndi uhule?"

Makaniko anayang'ana pansi. Kenako anatembenuka, napita pa benchi yogwirira ntchito m'kati mwa shedi, ndipo Telala anamutsatira. Pa vaisi, chopanira zitsulo, panali patamangidwa kachitsulo kosongoka, kopalidwa ndi tupa mbali imodzi. Pambali pake panagona tina titatu, kena kopindika, kena kong'aluka, kena konenepa ngati chala chamanthu. Tonse tinkayesera kufanana ndi shato.

"Ndinataya," anatero Makaniko. "Lachiwiri. Ndimati ndikubwezere Lamulungu, ndikulumbira, ndinali nditaganiza kale. Ndapisa m'thumba, mulibe. Ndasesa bwalo lonseli. Ndiye ndimati mwina ndipange ina." Ananyamula kopindika kaja n'kukaponyanso pa benchi. "Injini ndimaitsitsa n'kuikweza tsiku limodzi. Aka kandikanika. Sindimadziwa kuti m'kati mwake muli kasipuling'i kochepa ngati tsitsi. Umalowetsamo bwanji ulusi m'menemo, tsiku ndi tsiku?"

"Mukanandifunsa zaka zisanu zapitazo ndikanakuonetsani."

Telala anayang'ana zala zokulungidwa ndi kansanza zija, ndipo mkwiyo womwe anabwera nawo unafuna kumuthawa. Anaugwira. Anali asanamalize nawo ntchito.

"Kutaya si mlandu, abambo ake, thumba lililonse limabooka. Mlandu ndi kutenga. Mwapala zitsulo masiku anayi, zala mpaka kuchekeka, kuopa mawu awiri okha akuti ndinalakwa. Tambasulani dzanja."

Anamasula mfundo ya kampango, naika shato pachikhatho chakuda cha mwamuna wake. Makaniko anaiyang'ana ngati waona mzukwa.

"Unaipeza kuti?"

"M'bondo la ovolosi yanu, m'kati mwa nsalu yomwe ndinakusokererani kuti musamasupuke. Mpaka Lachinayi, pomwe mumakwawa panja apo, inali nanu, ikukwawa nanu limodzi."

Kunja wina anati, "Ayi zikomo," koma palibe anaseka. Makaniko anagwira bondo la ovolosi yomwe anavala, nalitsina, namva kukhuthala kwake koyamba. Anatulutsa kampango koyera m'thumba la malaya, kamene sakagwiritsa pa zitsulo, nayamba kupukuta shato pomwe chikhatho chake chinaidetsa.

"Ndikanatha kuiika m'makina dzulo, inu osadziwa," anatero Telala. "Amayi anu omwe anandiuza choncho."

Makaniko anatukula maso kuyang'ana mayi ake, omwe anaima pakhomo la shedi atagwira dzanja la mdzukulu wawo.

"Ndinatero," anavomera apongozi. "Ndipo madzulo ano ukhale pansi, ndikuuze za nsapato zanga ndi bambo ako. Ndachedwa nazo zaka makumi atatu. Koma yamba wamva za mnzakoyu."

"Lolemba m'mawa ndikupita kwa Mayi Choko," anapitiriza Telala. "Sindikupempha, ndikukuuzani. Mukasunga shatoyo, ndikakhala pa kampando kuseri, kukhomerera mabatani ndi zala zotupazi, tebulo lapazenera apatsa wina. Ndipita ndithu. Madzulo ndizibwera, chifukwa pakhomo paja mpanga ndipo ndimapakonda. Inunso, ndi mutu wanu woumawo, sindinatope nanu. Koma ine ndinakwatiwa ndi mwamuna, sindinalembe mlonda. Ndikufuna ndizibwerera kwa inu chifukwa ndafuna, osati chifukwa mwandichotsa kachitsulo."

Makaniko anaitembenuza shato m'kampango muja. Anayang'ana kunja, pomwe panaima wilibala ya pagalaja, n'kuyang'ananso pansi.

"Miyendo ya makina ija imamasuka," anang'ung'udza. "Mabawuti anayi okha. Mutu ungakhale pa bulangete, kuti usagubuduke. Ndipo lamba uja watha, ndinaona. Pali chikopa china apa chomwe..."

"Sindinafunse za mabawuti."

"Ndikungonena kuti pa wilibala..."

"Za wilibala tikamba. Ndikudziwani, abambo a Kabatani, mukhoza kundikankhira makina mpaka pakhomo la shopu osatsegula pakamwa, mawa Wailesi akatsokomola n'kuyambiranso. Lero ndikufuna mawu, pomwe pano, amve amayi anu, amve anzanuwa, amve ndi mwanayu." Anasendera pafupi mpaka tepi ya m'khosi mwake inakhudza ovolosi. "Shato ili m'manja mwanu, ndakupatsani ndekha. Ibwerera m'thumba, kapena mukaiika ndi zala zanu pomwe munaichotsa, osadzaikhudzanso? Musayang'ane kwa Wailesi, sindinakwatiwe ndi Wailesi ine. Yang'anani kuno. Ndiyankheni!"